Chingwe Chimene Ndinadula ku Monkey Bay

Tadala, iwe ndi mlongo wako Yamikani mwakhala mukundiseka zaka zonsezi kuti amayi anu sakhululukira chingwe. Choyanikira zovala chikangoyamba kusosoka ndimachidula tizidutswa, chomangira mbuzi chimodzimodzi, ngakhale lamba wa chikwama. Ndinkaseka nanu limodzi, koma chifukwa chake sindinakuuzeni. Tsopano ndapuma ntchito, maso akadaona, ndiye ndati ndilembe. Za ubwana wanga ku Ntcheu ndazilumpha, mumazidziwa kale. Iyi simuidziwa, ndipo iwe Tadala ulimo, ngakhale mano anali asanakwane m'kamwa.

Chaka choyamba pa ntchito

Ndinafika ku Monkey Bay pa minibasi, nditanyamula sutikesi imodzi ndi satifiketi ya ku koleji ya ntchito zamanja, nditaikulunga m'pulasitiki kuopa thukuta. Ntchito inali pamalo okonzerapo sitima ndi maboti. Bwana wanga anali a Mhango, munthu wamtali wa ku Rumphi, wolankhula mochedwa ngati mawu amayamba wawayeza pasikelo. Anandipatsa makiyi a sitolo ya zingwe ndi buku lalikulu lachikuto chakuda. Anati, "Chilichonse chonyamulira katundu pano chili ndi nambala yake. Waya, tcheni, huku yokolera katundu, lamba. Mwezi uliwonse mumachiona ndi maso, mumachigwira ndi manja, kenako mumasaina. Mukasaina ndiye kuti mwauza munthu kuti akhoza kuima pansi pake. Mwamva, mayi?" Ndinati ndamva.

Koma amene anandiphunzitsa ntchito yeniyeni anali Che Yusufu, bambo wachikulire wa ku Malindi. Anayamba ngati msodzi wa ukonde wa chilimira, kenako analowa ntchito yoluka zingwe za sitima. Kulemba ankangodziwa dzina lawo. Tsiku loyamba anayang'ana satifiketi yanga, naitembenuza uku ndi uku, nati, "Injiniya, pepala lanuli limanyamula matani angati?" Anthu onse m'shedi anaseka, ine misozi ili pafupi. Dzina la Injiniya linandikanirira kuyambira pomwepo. Patapita sabata anandiitana okha. "Bwerani kuno mwanangu, musakwiye. Pepala lanu limadziwa masamu, ine ndimadziwa chingwe. Tikaphatikiza, palibe afe." Anandionetsa mmene asodzi amachitira akamagula ukonde wakale. Amakanula chingwe, nkusolola kaulusi kamodzi ka m'kati, nkukaluma ndi mano akutsogolo. Kakakana kuduka, chingwe chili moyo. Kakangothetheka ngati udzu wouma, chafa, ngakhale kunja chikuwala. Ku koleji sanatiphunzitse kuluma zingwe, ndipo poyamba ndinkachita nazo manyazi. Pambuyo pake ndinaluma zingwe zaka makumi atatu, mano awiri akutsogolowa ndi mboni.

Lamulo lina la pamalopo linali lakuti chingwe chokanidwa sichitayidwa chathunthu. Chimadulidwa tizidutswa tosapitirira mkono, a Mhango atasainira chifukwa chake. Ndinafunsa kuti bwanji osangopatsa anthu. Che Yusufu anati, "Kunyanja kuno chingwe sichipuma ntchito. Mukachitaya lero, mawa mudzachipeza chikukoka boti lodzaza anthu. Mwini wake azidzanyada kuti ndachipeza kwa mainjiniya."

Pashelefu yapansi penipeni panali chikwama chachikulu cha tenti chimene sitinkachigwiritsa ntchito. Munali chingwe cha helikopita, cha nayiloni, chachitali mamita makumi atatu. Anachisiya anthu amene anabwera kudzakweza zitsulo za nsanja ya wailesi pamwamba pa phiri, ndipo anatipatsa ife kuti tizichisunga chifukwa m'boma lonse kireni yoyesera katundu inali yathu yokha. Chingwe chotere n'chosiyana ndi cha kireni. Cha kireni chikaduka, katundu amagwa, basi. Cha helikopita chimakhala chitatanuka ndi kulemera kwa katundu, ndiye chikaduka chimabwerera m'mwamba ngati legeni, nkukakola mapiko ozungulira aja. Katundu amagwera amene ali pansi, ndege imagwa ndi amene ali m'kati. Ndiponso nayiloni ali ndi adani awiri amene wophunzira aliyense amawaloweza pamayeso, dzuwa ndi asidi. Funso limenelo ndinalikhoza. Ndikunena izi kuti pasadzapezeke wonena kuti amayi sankadziwa.

Chaka chachitatu, mwezi wa Okutobala

Apa nkuti nditakwatiwa, iwe uli ndi miyezi isanu ndi itatu. Bambo anu ankaphunzitsa ku Katuli, ndipo pempho lawo losamukira ku Monkey Bay linkangokanidwa. Ankabwera kamodzi pamwezi, ngati lole yapezeka. Ndinali ndekha ndi mtsikana wolera mwana. Tsiku lina ndikuweruka ndinakupeza thupi likuotcha, maso atatembenuka, manja akugwedezeka okha. Anali malungo. Unachira patatha masiku anayi m'chipatala, koma ine sindinachire. Ndikakhala kuntchito ndinkangomva ngati ukulira. Kireni ikalira ndimati ndi iwe. Ndinkathawa kawiri katatu patsiku kupita kunyumba kukakugwira pamphumi. Kenako mtsikana uja anabwerera kwawo ku Namwera, ndipo wina aliyense amene ankabwera ndinkamupezera chifukwa. Uyu ali ndi chifuwa, uyu amagona msanga, uyu maso ake sindikuwamvetsa.

Ndiye ndinachita chinthu chimene malamulo ankaletsa. Ndinayamba kubwera nawe kuntchito. Ndinkalowera kugeti yakumbuyo anthu asanachuluke, nditakubereka nkufunda chitenje china pamwamba. Kutentha kwa Okutobala ku Monkey Bay mumakudziwa, mwala umaotcha phazi ndi nsapato zomwe. Pamalo ponsepo chipinda chozizira chinali chimodzi chokha, sitolo ya zingwe, chifukwa anaimanga yopanda mawindo kuti dzuwa lisalowe. Makiyi anali anga. Shelefu yapansi ija inali yotakata ngati kabedi, yokhala ndi thabwa m'mbali loti mwana sangagubuduke. Ndinachotsapo chikwama cha helikopita pamodzi ndi malamba anayi onyamulira maboti amene anali pambali pake, ndinayalapo bulangete, nkukugoneka. Zitsulo za chingwecho, huku ndi chozungulira chake, zinali pashelefu ina zitapakidwa girizi, sindinazikhudze.

Katundu ndinachotsayo ndinafunika kupeza pomubisa, poti a Mhango akanamuona panja akanafunsa. Malo okhawo amene iwo sankalowamo anali kashedi kotchajira mabatire, chifukwa fungo lake linkawayambitsa chifuwa. Ndinaika zonse pakona, pansi, kuseri kwa benchi. Ndinadziuza kuti ndi za masabata awiri okha, ndikapeza wolera mwana ndibweza. Ndinadziuzanso kuti chikwamacho n'chokhuthala, asidi sangalowe. Masabata awiri anasanduka miyezi inayi. Mu Disembala maboti atachuluka, malamba anayi aja ndinawabweza m'sitolo, ndinawasakaniza ndi anzake asanu ndi atatu ofanana nawo, ndipo anayamba kugwira ntchito. Chikwama chinatsala komweko. Mwezi uliwonse ndinkafika pa nambala yake m'buku lakuda lija, ndinkasaina osachitsegula. Kanayi konse.

Che Yusufu anadziwa za iwe tsiku lachiwiri lomwe. Analowa kudzatenga huku, nakupeza ukuyamwa chala. Anangokupatsa moni wa m'Chiyao, nati, "Ajimwiche uli, abwana aang'ono?" Kenako anatembenukira kwa ine. "Ine sindinaone kanthu, Injiniya. Koma wantchito watsopanoyu akamalira, muziyatsa chopukusira zitsulo." Kuyambira pamenepo ankakubweretsera nthochi m'thumba la ovolosi. Za kumene ndinaika katundu wa pashelefupo sanafunse, ine sindinanene.

Febuluwale wotsatira, Lachisanu

Chaka chimenecho mvula inagwa yoopsa kutsidya kwa nyanja. Milatho ya msewu wa ku Makanjira inakokoloka, malole anaima. Pachipatala china chaching'ono kumbali imeneyo jenereta inamira m'madzi, ndiye kunalibe magetsi a firiji ya mankhwala, a pampu ya madzi, ngakhale a chipinda chochiriramo amayi. Jenereta ina inapezeka, inabwera pa lole mpaka pamalo pathu. Paboti sikanatheka, chifukwa tsidya linalo kunalibe doko loitsitsira, ndipo chinthu cholemera choposa tani imodzi sungachinyamule pamapewa m'madzi ofika m'chiuno. Anatumiza helikopita. Chingwe chawo chinali chitatsala ku ntchito ina ya madzi osefukira kuchigwa cha Shire, koma anauzidwa kuti ku Monkey Bay chilipo china, chosungidwa bwino, chosainidwa mwezi ndi mwezi.

Ndege inatera pabwalo cha m'ma eyiti koloko m'mawa, mchenga uli kobo. Woyang'anira katundu wake anali Sajeni Phiri, munthu wamfupi wanthabwala. Anandigwira chanza nati, "Ndiye inu ndi mayi a chingwe? Tipatseni msanga, mayi, tinyamuke isanakwane leveni. Masana mitambo imatseka phiri, woyendetsa wathu sakonda kupemphera ali m'mwamba." A Mhango anandiyang'ana, nati, "Katengeni, musaine, tiwapatse."

Ndinapita ku kashedi ka mabatire. Nditakoka chikwama, pansi pake panatsalira pasimenti. Nsalu yokhuthala ndinkaidalira ija inali itafumbwa ngati pepala lonyowa. Wina anali atataya madzi a batire, kaya liti, nayenderera mpaka pakona. Ndinachikokera kuseri kwa shedi, nkutulutsa chingwe. Kunena zoona, chinkaoneka bwino. Choyera, chosalala, kupatula malo atatu kapena anayi pamene panali pachikasu pang'ono ngati pathimbirira tiyi. Munthu wosadziwa akanachilandira ndi manja awiri. Sajeni Phiri akanachiyendetsa m'manja, akanaona siginecha yanga, akanachikoleka.

Che Yusufu anandipeza nditagwada pamenepo. Anakanula pamalo pachikasu paja, anasolola kaulusi, nakaika pamano. Sanalume nkomwe, kanangothetheka. Analavula, napukuta lilime ndi mkono wa ovolosi.

"Chowawasa," anatero. "Chimenechi chinagona kuti, Injiniya?"

Ndinaloza kashedi. Anayang'ana kashediko, nayang'ana ku sitolo kumene iwe unali, ndipo ndinaona kuti amvetsa zonse.

"Wallahi, mwanangu." Anatsitsa mawu. "Chabwino. Ichi sichiuluka, zimenezo sitikambirananso. Koma mverani. Tikauze abwana kuti chakalamba chokha. Chingwe cha zaka zingati ichi? Tinene kuti aja anachisiya anachiumika padzuwa. Ine ndikavomereza, ndani angatsutse mano a Yusufu? Chikwamachi tichiponye m'ng'anjo. Inu ntchito ikhalepo, mwana adye."

Tadala, ndikufuna udziwe kuti ndinavomera. Ndinagwedeza mutu, mtima unatsika, ndinati Mulungu wanditumizira mngelo wovala kofiya. Tinanyamula chingwe awiri kupita nacho kubwalo. Tili m'njira tinadutsa pamene panali boti la asodzi lopachikidwa pa kireni yaing'ono, litakhala pa malamba awiri, likudikira kupalidwa pansi. Che Yusufu analiloza ndi chibwano, nati, "Tikathana ndi a ndegewa ndilowe pansi pa ili, mwini wake wandivutitsa sabata yonse." Ndinayang'ana nambala ya lamba wakutsogolo. Anali mmodzi wa anayi aja.

Iwo sankadziwa za malamba. Palibe ankadziwa, koma ine ndekha. Ndipo malamba anayi pafupifupi atsopano sungawadule popanda a Mhango kusainira chifukwa chake. Ndikanati chingwe chaonongeka ndi dzuwa, nkhani ikanathera pa chingwe, malamba akanapitiriza kunyamula maboti, ndipo munthu woyamba kugona chagada pansi pake anali yemweyu amene ankafuna kundinamira bodza kuti ndipulumuke.

Titafika, a Mhango ndi Sajeni Phiri anali ataima pafupi ndi jenereta. Che Yusufu anayamba, "Abwana, chingwe ichi dzuwa..."

Ndinawadula mawu, chinthu chimene ndinali ndisanachitepo kwa munthu wamkulu. "Si dzuwa, bwana. Ndi asidi. Chakhala m'shedi ya mabatire kuyambira Okutobala. Ndinachiika ndine. M'buku ndakhala ndikusaina osachiona. Ndipo si chokhachi, malamba anayi a maboti anagonanso komweko miyezi iwiri. Mmodzi ndi uyo ali pa kireniyo. Boti limenelo litsitsidwe tsopano, pasalowe munthu pansi pake."

Che Yusufu anatembenuka kuyang'ana boti lija, nakhala akuliyang'ana nthawi yaitali. Sajeni Phiri anavula chipewa nadzikanda m'mutu. A Mhango anafunsa funso limodzi lokha, mwa kuchedwa kwawo kuja. "Chifukwa chiyani, mayi?"

Ndinati, "Bwerani muone."

Ndinawatsogolera ku sitolo, ndinatsegula. Unali utakhala tsonga pashelefu, nthochi ili thoo kumaso, ukumenyetsa kachitsulo pathabwa. Utaona munthu wamtali pakhomo unamuseka, nkumupatsa kachitsuloko. A Mhango anakalandira, poti akanatani. Anakayang'ana nambala, nakabweza pamalo pake penipeni pashelefu yachitatu. Kenako anati, "Za inu tikamba Lolemba. Panopa kuli chipatala chopanda magetsi. Muli ndi nzeru yanji?"

Nzeru inalipo imodzi, koma inali yowawa kwa iwo. M'chipinda chawo chokiya munali mpukutu wa chingwe chatsopano chomangira sitima padoko, choluka ngati tsitsi la mtsikana, mtundu umene supotoloka katundu akamazungulira. Anachidikira zaka ziwiri chisanabwere, ndipo ankachisunga ngati mwana wamwamuna mmodzi yekha. Ndinatenga pepala la fakitale limene linabwera nacho, ndinawerengera pamaso pawo ndi pa Sajeni Phiri. Ngakhale titachotsera mphamvu imene imatayika polukira, chinkapitirira kasanu ndi kawiri kulemera kwa jenereta, monga zimafunikira pa chingwe cha ndege. Chinkafunika kudula mamita makumi atatu ndi kuluka diso mbali zonse ziwiri, ndiye kuti kupinda nsonga mozungulira kachitsulo nkulowetsa timichira take m'thupi la chingwe, kuti pakhale pokoleka huku popanda mfundo. Mfundo imadya pafupifupi theka la mphamvu ya chingwe, n'chifukwa chake sitimanga.

Sajeni Phiri anakalankhula ndi woyendetsa ndege, nabwerako. "Akuti alola ngati muchiyesa pa kireni ndi katundu wowirikiza kawiri, iwo akuona ndi maso awo. Koma lero ndiye latha, mayi. Mwatigoneka ku Monkey Bay. Chambo cha madzulo mugula ndinu."

A Mhango anabweretsa makiyi, koma mpeni anapatsa ine. "Dulani nokha. Ine sindingathe kuona."

Tinayamba kuluka cha m'ma teni. Che Yusufu sanandilankhule ola lathunthu, ankangoti "gwirani", "kokani". Diso loyamba linatha dzuwa lili pamutu. Lachiwiri tili pakati, kumzikiti kunamveka kuitana. Anaika zida pansi, nayamba kutsuka m'manja. A Mhango anati, "Che Yusufu, lero lokha, simungapemphere mukamaliza?" Iwo anati, "Abwana, lero ndi Ijumaa, tsiku lathu la mapemphero. Ndiponso munthu amene amayenera kukhala pansi pa boti lija masana ano ali ndi mawu oti akanene kumeneko." Anandiponyera chisongole cholukira. "Injiniya amaliza. Waona kokwanira."

Ndinali ndisanalukepo diso la chingwe chamtundu umenewo ndekha. Ndinkalidziwa pa chithunzi cha m'buku ndi poonerera. Ndinakhala pansi pamthunzi wa shedi, iwe uli kumsana poti panalibenso chobisa, ndikulowetsa timichira awiriawiri, kuwerenga mokweza ngati mwana wa sitandade wani. Zikhatho zinatuluka matuza, matuzawo anaphulika. Atabwerako anatenga disolo, analitembenuza, analipinda pabondo, anamasula malo amodzi nalukanso. Anati, "Loipa nkhope ngati mwini wake lero, koma ligwira."

Tinaliyesa cha m'ma folo. Tinakoleka midadada ya simenti yoyesera, yolemera kawiri jenereta, kireni inanyamula, tinasiya zili lende mphindi khumi. Chingwe chinalira pang'ono, chinatanuka, chinakhazikika. Ndinali nditalemba choko pamene timichira tathera, kuti tione ngati diso likusololoka. Choko sichinasunthe. Woyendetsa ndege anagwedeza mutu movomereza nabwerera. Nthawi yomweyo mvula inayamba, phiri linatsekeka monga ananenera Sajeni.

Tisanaweruke ndinatenga chingwe chakale ndi malamba anayi aja, ndinakhala pakhomo pa sitolo nkuzidula tizidutswa tosapitirira mkono. Che Yusufu analuma ulusi wa lamba aliyense. Awiri anali bwino. Awiri anathetheka, ndipo mmodzi mwa iwo anali uja wa pa boti. Tinadula onse anayi.

Loweruka, ndi Lolemba lake

Ananyamuka m'mawa kusanatenthe. Ndege inaima m'mwamba pamutu pathu, mphepo yake ikutikankhira pansi, mchenga ukulowa m'mano. Sajeni Phiri anayamba wagunditsa huku ndi ndodo yachitsulo yolumikiza pansi, chifukwa ndege ikamauluka imasonkhanitsa magetsi oti akhoza kukugwetsa. Kenako anakoleka, nathawira pambali, nakweza manja. Chingwe chinaongoka pang'onopang'ono. Jenereta inanyamuka ngati ikukayika, inazungulira kamodzi, nikhazikika. Ine maso anali pa diso lapansi, langa lija. Ndinaliyang'ana mpaka linasanduka kadontho pamwamba pa madzi. Patatha ola ndi theka uthenga unabwera pa wailesi kuti yatera bwino.

Chipatala chija chinakhala tsiku lina lathunthu chopanda magetsi chifukwa cha ine. Ndinamva pambuyo pake kuti mankhwala a m'firiji anali ataonongeka kale ndege isanabwere nkomwe, ndipo ndinawagwira mawu amenewo ngati chonditonthoza. Koma za amayi amene anachira m'chipinda chija Lachisanu limenelo, sindinafunse. Ndinali ndi mpata wofunsa kangapo, anamwino a kumeneko ankadutsa pa doko pathu. Ndinkaopa yankho. Mpaka lero sindidziwa, ndipo sindikufuna kuti mudzandikonzere nkhaniyi pamaliro ngati kuti ndinali ngwazi.

Lolemba a Mhango anandiitana. Kalata inali italembedwa kale. Linali chenjezo lomaliza, kundichotsa pa udindo wosaina, ndi kundisamutsira ku depoti ya Mangochi boma kukagwira ntchito pansi pa munthu wina. Anandiwerengera yonse, kenako anavula magalasi.

"Mukudziwa kuti mukanati ndi dzuwa ndikanakhulupirira?"

"Ndikudziwa, bwana."

"Akulikulu amafuna ndikuchotseni. Ndawauza kuti munthu wosaina bodza ndingamupeze paliponse, koma wobwera yekha kudzanena kuti ndasaina bodza ndamuona kamodzi. Musandichititse manyazi kawiri." Anabwezera magalasi. "Ndiponso, mayi, mukanandiuza za mwana. Akazi anga amangokhala kunyumba, ana athu onse ali kusukulu. Mumaganiza kuti ndine mwala?"

Pamenepo mpamene ndinalira, osati Lachisanu lija. Miyezi inayi ndinabisa mwana kwa munthu amene nyumba yake inali kuseri kwa mpanda, ndipo sindinaganizepo n'kamodzi komwe zongopempha.

Ku Mangochi ndinakhala zaka zisanu ndisanaloledwenso kusaina. Anzanga amene ndinayamba nawo anandipitirira, mmodzi anadzakhala bwana wanga. Ubwino wake unali umodzi, Katuli inayandikira, ndipo Yamikani ndi chipatso cha kusamukako. Za kumeneko ndi za mabwana ake ndi nkhani ina.

Tsiku lonyamuka, Che Yusufu anabwera pa siteji ya minibasi ndi kaphukusi ka nyuzipepala. Ndinkayesa nthochi zako. Munali kachidutswa ka lamba uja wa pa boti.

"Aka sikanganyamule kanthu, n'kafupi," anatero. "Ndiye sindinaphwanye lamulo. Ine ndasunga kena. Ana anga akamandifunsa kuti bwanji mumapempherera mayi wa Chikhristu wa ku Ntcheu, ndiziwaonetsa."

Ndinati, "Che Yusufu, ndine amene ndinatsala pang'ono kukuphani."

"Eee, ndinu," anatero. "Ndiponso ndinu amene munandidula mawu pamaso pa abwana, mwano umene sindinauonepo. Zonse ziwiri ndazisunga. Kwerani, minibasi ikupita."

Anamwalira iwe uli sitandade sikisi. Ndinapita ku Malindi, ndinakhala ndi amayi kunyumba pamene amuna anapita kumanda.

Kachidutswako ndi kaja kali m'chitini cha mabatani, kamene unkafuna kutaya chaka chatha pokonza m'nyumba, ndikukulanda mokalipa mpaka unadabwa. Mwezi wamawa ukubwerera kuntchito, ndipo ndakuona mmene umadzukira kukagwira mwana wako pamphumi ngakhale akugona bwinobwino. Ndakumvanso ukupezera zifukwa atsikana atatu amene abwera kudzafuna ntchito yolera. Sindikudzudzula, matendawo ndikuwadziwa kumene unawatenga. Ndikungoti m'bweretse kuno m'mawa uliwonse. Chipinda chapakati n'chozizira, ndipo ndachotsamo kale katundu. Katunduyo ndamuika poyera, pakhonde, pamene aliyense akumuona.